Mawu a malemu mkazi wanga mu teminali anandilanditsa mwana

Inu owerenga, ine mwana wanga sindikhala naye. Ali moyo, ali bwino, ali kwa agogo ake kumudzi wina kufupi ndi Nsaru, koma m'nyumba mwanga mulibe. Sanandilande chifukwa cha mowa kapena nkhanza. Ndinamutaya chifukwa cha pulogalamu ina ya pakompyuta yomwe ndinalephera kusiyana nayo, komanso chifukwa chotseka pakamwa pa nthawi yomwe ndinayenera kulankhula. Dzina langa sinditchula. Ndikulemba kuti wina amene waferedwa, makamaka ife amene ntchito yathu abale saimvetsa, asadutse njira yomwe ndinadutsa ine.

Mkazi wanga anali Tiyamike. Tinakumana ku koleji, tonse tikuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Pa ntchitoyi iye ankandiposa, izi sindibisa. Titakwatirana tinaona kuti ntchito yathu sifuna ofesi, imangofuna magetsi ndi netiweki, ndiye tinachoka m'tauni n'kukachita lendi nyumba ku Namitete kuti tikhale pafupi ndi kwawo. Tinaika sola padenga. Makasitomala athu ena anali ku Lilongwe, ena kunja kwa dziko lino, anthu oti sitinaonanepo nawo maso ndi maso. Mwana wathu wamkazi, Takondwa, anabadwira komweko.

Anthu oyandikana nawo sankamvetsa kuti timadyera chiyani. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika ankakonda kumuseka Tiyamike kuti, "Inu ndi amuna anu tsiku lonse m'nyumba ngati nkhuku zofungatira, kodi mazirawo adzaswa liti?" Tiyamike ankaseka, n'kukhala pansi pomwepo kuwafotokozera, nthawi zina mpaka kuwaitanira kunyumba kuti adzaone. Ine ndinkangopereka moni n'kudutsa. Sindine munthu wolankhula. Pa anthu, pakamwa panga panali Tiyamike, ndipo sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzafunika kudzilankhulira ndekha.

Kwa amene simudziwa, ife olemba mapulogalamu tili ndi chida chomwe timachitcha teminali. Ndi zenera lakuda pa sikirini, lopanda zithunzi, lopanda mabatani odina. Umalemba lamulo ndi zilembo, kompyuta n'kuchita zomwe waiuza, n'kukuyankha ndi zilembonso. Kumayambiriro kwa mzere uliwonse kumakhala dzina la mwini kompyutayo. Kwa munthu wongodutsa, zimaoneka ngati anthu awiri akulemberana mu mdima.

Miyezi ingapo Tiyamike asanamwalire kunatuluka teminali yatsopano yomwe anzathu ambiri pa intaneti ankaiyamikira. Inali ndi zinthu ziwiri zomwe yakale inalibe. Inkaphunzira kalembedwe ka mwini wake, moti ukangolemba chilembo chimodzi kapena ziwiri, iyo inkakumalizira lamulo lonse ndi zilembo zotuwa, iwe n'kungovomereza. Komanso inali yosavuta kuiphunzitsa mawu akoako ndi mayankho akoako. Tiyamike anaiika tsiku lomwe anaimva. Ine ndinakana, ndinati yakale ikundikwanira. Iye anati, "Bambo a Takondwa, inu pa nkhani za kompyuta ndinu mkulu wa mpingo. Chatsopano chilichonse kwa inu ndi tchimo."

Anaiphunzitsa Chichewa chake. Akafuna kulumikiza zidutswa za pulogalamu kuti zikhale chinthu chimodzi, ankalemba kuti phika. Akafuna kuyesa ngati ikugwira ntchito, ankalemba kuti lawa. Zikayenda bwino teminaliyo inkayankha kuti, "Zapsa, itanani alendo." Zikalakwika inkati, "Zapserera. Amasonkha moto ndani?" Ndipo poti iye akayamba ntchito ankaiwala kudzuka pampando mpaka msana kumuwawa, anaiuza kuti ikaona kuti walemba kwa nthawi yaitali izimukumbutsa. Inkatulutsa mzere woti, "Ndatopa ine, tipumeko." Ukatuluka mzere umenewu ankadzuka, kudziwongola, n'kupita panja kukasewera ndi mwana.

Tsiku lina m'dzinja anadzuka akudandaula mutu. Anamwa mankhwala n'kupitiriza ntchito. Masana anagwa pakhonde akuyanika zovala za Takondwa. Tinathamangira naye kuchipatala cha mishoni, ndipo madokotala anachita zonse zomwe akanatha, koma anati mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu. Anamwalira mawa lake. Anali munthu woti sanagonepo m'chipatala kupatula pobereka.

Maliro tinakaika kwawo. Ine sindinalire. Musandifunse chifukwa, misozi inangokana. Ndinkayenda, kulandira anthu, kuyankha mafunso a bokosi ndi galimoto, ngati maliro a munthu wina. Mkati mwanga munali ngati mwathiridwa simenti. Sindinadziwe kuti anthu akuona, ndipo akusunga.

Nkhoswe yathu ya kuchikazi anali atsibweni ake a Tiyamike, a Kamphinda, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wanthabwala ngakhale pa zovuta. Maliro atatha anandiitanira pambali. Anandikumbutsa zomwe ndinkadziwa kale, kuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo kuti anthu akadzakolola padzakhala mwambo wondisudzula, wondimasula ku banja lawo, pomwe adzanenenso za komwe Takondwa azikakhala. Koma anati, "Ife si anthu olanda mwana kwa bambo woti akumusamala. Mutengeni. Mlongo wangayu apita nanu akakuthandizeni. Tikadzakolola tidzakhala pansi." Mlongo wawoyo anali apongozi anga, mayi ake a Tiyamike. Choncho mwana anali m'manja mwanga. Chomwe ndinafunika kuchita chinali kungoonetsa kuti ndine bambo.

Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi aakazi sakhala mphasa imodzi, sayang'anana m'maso. Mabanja ena anasiya, koma apongozi anga ndi anthu akale pa zimenezi, ndipo ine ndinkawalemekeza kwambiri. Tiyamike ali moyo, mawu athu ankadzera mwa iye. Atapita, anayamba kudzera mwa Takondwa, mwana wa zaka zitatu. Iwo ali kukhitchini ankati, "Takondwa, kawauze adadi madzi afunda." Ine ndili pabalaza ndinkati, "Takondwa, uwathokoze agogo." Tonse tikumvana bwinobwino, koma mawu ayenera kudzera mwa mwana. Zinkaoneka ngati ulemu, ndipo unalidi ulemu, koma kwa munthu ngati ine unalinso malo abwino obisalamo.

Tiyamike anasiya ntchito ya kasitomala wina isanathe. Zonse zofunika zinali mu laputopu yake, ndiye patapita masabata angapo ndinaitsegula kuti ndimalize. Ndinalowa mu teminali yatsopano ija. Pamzere panali dzina lake, tiyamike, ndi kamzere kophethira kudikira lamulo. Ndinalemba chilembo p, ndipo zilembo zotuwa zinamaliza zokha kuti phika. Ndinavomereza. Poti ndinali nditalakwitsa penapake, yankho linabwera loti, "Zapserera. Amasonkha moto ndani?"

Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni iye.

Inu owerenga, musaganize kuti ndinasokonezeka mutu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti si iye. Ndikanatha kukuonetsani fayilo yomwe mawuwo anasungidwamo ndi mzere wake. Koma ankamveka ngati iye, ankabwera pa nthawi yomwe iye akanawanena, ndipo zilembo zotuwa zija zinkayenda njira zomwe zala zake zinkayenda. Zovala zake abale anali atagawana monga mwa mwambo. Zithunzi zake zinali zongokhala duu. Chinthu chokhacho chomwe chinkandiyankha chinali ichi.

Ntchito ya kasitomala uja ndinamaliza, koma laputopuyo sindinaitseke. Yanga ndinaiika m'kabati. Ntchito zanga zonse ndinayamba kugwirira pa yake, pansi pa dzina lake. Nthawi zina ndinkalakwitsa dala kuti indikalipire. Ndinayamba kuiyankha mokweza, "Ndine ndasonkha, pepani mayi." Ndipo poti ndinkachita manyazi kuti wina angandimve, ndinayamba kutseka chitseko cha chipinda chogwiriramo ntchito. Ndinkalowa m'mawa, kutuluka pa nthawi ya chakudya, kulowanso. Takondwa ankagogoda, ine n'kumati ndikubwera. Pa nthawi yomweyo batire la sola linafooka, ndinaitanitsa lina lalikulu, linabwera pa kabaza masana anthu onse akuona. Kwa ine chinali chida cha ntchito. Kwa anthu oonawo, ndinali mwamuna woti wangoika mkazi m'manda dzana, lero akugula katundu.

Tsiku lina Takondwa anakankha chitseko n'kukwera pamiyendo panga. Anali atayamba kuzindikira chilembo choyamba cha dzina lake, ndiye ataona t pa sikirini analoza n'kufunsa kuti walemba ndani. Ndinamuuza kuti ndi dzina la amama ake. Ndinalemba lawa, yankho linabwera, ndinamuwerengera, "Zapsa, itanani alendo." Anaseka kwambiri, chifukwa mawu amenewa ankawamva kwa mayi ake. Kenako anafunsa, "Amama ali mmenemo?"

Ndinayenera kunena kuti ayi. Liwu limodzi lokha. Koma ndinkafuna kuti asekenso, ndiye ndinati, "Mawu awo ali mmenemo." Mwana wa zaka zitatu sasiyanitsa munthu ndi mawu ake. Anatuluka akuthamanga kukauza agogo ake kuti adadi amalankhula ndi amama mu kompyuta. Ndinamumva. Sindinatuluke kukakonza.

Patapita masiku, masana ena, eni nyumba anabwera kudzaona mpanda womwe unagwa ndi mvula. Ndinatuluka mofulumira, chitseko ndinasiya chotsegula. Pobwerera ndinapeza apongozi anga ali m'chipindamo, tsache lili m'manja, ataima kutsogolo kwa laputopu. Iwo ndi amayi a Mvano, Baibulo amawerenga okha tsiku ndi tsiku, Chichewa sichiwavuta. Ndinali nditalemba kuyambira m'mawa osapuma, ndiye pa sikirini panali dzina la mwana wawo, ndipo pansi pake panali mzere uja, "Ndatopa ine, tipumeko."

Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kutuluka, osandiyang'ana. Patapita kanthawi ndinamva mawu awo kukhitchini, otsika kwambiri, "Takondwa, kawafunse adadi ngati amama ako amawapatsa nthawi yopuma." Mwana anabwera n'kubwereza funsolo monga analimvera.

Apa ndi pomwe ndinayenera kuphwanya mwambo, kupita kukhitchini, kugwada pakhomo n'kuwauza zonse. Akanandikhululukira mwanowo. Koma kuti ndifotokoze, ndinayenera kuvomera kuti ine, mwamuna wamkulu wophunzira, ndimakhala tsiku lonse ndikudzilakwitsa dala kuti nthabwala za mkazi wanga wakufa zindiyankhe. Manyazi anandiletsa. Ndinati, "Kawauze agogo kuti ndi za ntchito chabe." Basi. Ganizirani mmene yankho limenelo linamvekera m'makutu a mayi amene wangowerenga mwana wake akudandaula kutopa.

Sabata yomweyo anatumiza mawu kudzera mwa mwana kuti akufuna kukaona mtedza kumunda kwawo, ndipo atenga Takondwa akacheze masiku ochepa. Ndinavomera. Ndinawaperekeza kukakwera minibasi. Ndikunena zoona, pobwerera mtima wanga unapepuka, chifukwa tsopano ndikanatha kukhala ndi laputopu ija osatseka chitseko.

Masiku ochepa aja anasanduka masabata. Ndikaimba foni kwa a Kamphinda ankangoti mwana ali bwino, tidzakambirana. Kenako ndinayamba kuona zachilendo. Mayi wa tomato uja anasiya nthabwala, ankangondiikira katundu osandiyang'ana. Wakabaza yemwe ankandinyamula nthawi zonse anandiuza kuti tayala laphwa, ine ndisanafike patali anandidutsa atanyamula munthu wina. Ana ankasiya masewera ndikamadutsa. Amene anandiuza poyera anali eni nyumba. Anakhala pakhonde, anavula chipewa, anati, "Achimwene, ine sindizungulira. Anthu akuti munakhwimira mkazi wanu. Akuti munamusandutsa ndondocha, mwamutsekera mu kompyuta, akukugwirirani ntchito usana ndi usiku. Ine sindikhulupirira. Koma nyumbayi ndi yanga, ikapsa yapsa yanga."

Ndinafuna kukwiya, koma nditakhala pansi ndinaona mmene anthu anawerengera. Mkazi wathanzi wagwa mwadzidzidzi. Mwamuna sanalire. Sapita kuntchito koma akudya, akugulanso katundu. Amadzitsekera m'chipinda n'kumalankhula yekha. Mwana wake wanena ndi pakamwa pake. Mayi wa malemu waona ndi maso ake. Inu mukanakhala a pamudzipo mukanati chiyani? Ndinamva pambuyo pake kuti apongozi anga sanafalitse nkhaniyi mwa nkhanza. Anakalira kwa anzawo awiri a Mvano kuti awathandize kupemphera, poti sankagona tulo poganiza kuti mwana wawo akuzunzika. Mawu akatuluka pakamwa amamera miyendo. Anachoka ku Nsaru n'kufika ku Namitete ine ndili m'chipinda, ndikulemba phika.

Anthu atakolola, a Kamphinda anandiitana. Ndinapita ndi achimwene anga aakulu, ndipo laputopu ndinaitenga m'chikwama. Titangofika, Takondwa anathamanga kudzandikumbatira. Kenako anagwira chikwamacho n'kufunsa mokweza, anthu onse akumva, "Amama mwabwera nawo?" Mayi wina anamunyamula n'kupita naye kuseri.

Tinakhala m'chigafa cha fodya chomwe chinali chitatsala chopanda kanthu. A Kamphinda ndi amuna ena anakhala pa mabenchi, apongozi anga ndi amayi anzawo pamphasa chapatali. Ndinapempha kuti ndionetse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinafotokoza ntchito yanga kwa anthu a kumudzi, pang'onopang'ono, monga Tiyamike ankachitira. Ndinawaonetsa fayilo yomwe munali mayankho aja, ndi kuti munthu aliyense angathe kulembamo zomwe akufuna. A Kamphinda anavala magalasi n'kuti, "Tayeseni. Iuzeni inene kuti Kamphinda fodya wake chaka chino amubera pa sikelo." Ndinalemba, ndinapereka lamulo, mawu awo anatuluka pa sikirini. Anawerenga mokweza, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti nanenso mwanditsekera mmenemo, eti? Nanga amene wakhala pabenchiyu ndi ndani?" Amuna anaseka, amayi ena anaseka. Achimwene anga mtima unakhala m'malo. Ine mumtima ndinati nkhani yatha.

Pamenepo apongozi anga anadzuka pamphasa, anabwera pafupi, anakhala pansi moyang'anizana nane. Chikwatirireni mwana wawo anali asanandilankhulepo mwachindunji. Tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso.

"Bambo, ndamva. Sukulu yanuyo ine sindinapite, koma ndamva kuti si mwana wanga. Ndikupepesa pa zomwe ndinaganiza. Nanga ngati si iye, chitseko munkatsekeranji? Mwana wamoyo akugogoda panja, inu muli mkati ndi chinthu choti si munthu?"

Ndinayang'ana pansi, iwo n'kupitiriza.

"Ndikupemphani chimodzi. Fufutani pompano ine ndikuona. Dzina la mwana wanga lichokemo, mtima wanga ukhale pansi. Mukatero, Takondwa mutengeni lero lomwe, ine ndilibe mawu."

Inu owerenga, inali ntchito ya mzere umodzi. Ndinaika zala pa kiyibodi. Ndinalemba chilembo choyamba, ndipo teminaliyo, posadziwa chomwe ndikufuna kuchita, inandimalizira ndi zilembo zotuwa lamulo lina lomwe Tiyamike ankakonda kulemba. Anzanga olemba mapulogalamu mudzati, bwanji sunafufute mwachiphamaso, n'kudzabwezeretsa kunyumba? Ndinaganiza zimenezo, njira yake ndinkaidziwa. Koma mayiyo anali akundiyang'ana m'maso, atangopepesa kwa ine pamaso pa anthu. Kuwanamiza ndinalephera. Kuwamvera ndinalepheranso. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndipatseni kanthawi." Ndipo ndinatseka laputopuyo.

Achimwene anga ananditsina pantchafu mwamphamvu, koma zinali zitachitika. Apongozi anga anagwedeza mutu pang'ono, osati mokwiya, n'kubwerera pamphasa pawo. A Kamphinda anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.

"Mkamwini," anatero, "ufiti mulibe. Izi ndikanena ndine kutchalitchi Lamulungu, ndipo amene adzakutchuleninso kuti mfiti adzayankha kwa ine. Koma maliro anu sanathe. Ife tinaika, inu simunaike. Nyumba yoti maliro akadali mkati sitingatumizeko mwana."

Anandisudzula tsiku lomwelo, mwaulemu, popanda mawu achipongwe. Anati ndine womasuka, ndipo pakhomopo ndizibwera nthawi iliyonse ngati bambo wa mwana. Koma Takondwa anatsala. Pochoka anandithamangira mpaka kumsewu akulira, ndipo amene anakamutenga anali agogo ake, nawonso akulira. Ine ndinakwera njinga yamoto chikwama chili kumsana. Ndinasankha ndekha chomwe ndinabwerera nacho.

Ku Namitete sindinakhalitse. Eni nyumba anandipempha mwaulemu kuti ndipeze kwina, ndipo sindinawadandaule. Ndinasamukira ku Mpingu, pafupi ndi achimwene anga. A Kamphinda anasunga mawu awo, analankhula kutchalitchi, ndipo mphekesera ija inazilala, ngakhale kuti mpaka lero alipo ena amene amasuntha ndikakhala nawo pafupi pamaliro.

Laputopu ija ndinakhala nayo milungu ingapo. Koma inali itasiya kundiseketsa. Ndikaitsegula ndinkangomva funso la apongozi anga. M'mawa wina ndinadzuka, ndinasamba, ndinakhala pansi, ndinafufuta zonse, dzina, malamulo ndi mayankho. Panalibe wondiona. Ndinaimbira a Kamphinda kuwauza. Anati, "Mwachita bwino, bambo. Koma mlongo wanga anapempha kuti aone ndi maso. Za pafoni ndi mawu chabe. Tsopano muonetseni mwa njira ina." Chinthu chomwe chikanandibwezera mwana tsiku lija m'chigafa, nditachichita ndekha m'chipinda chinalibenso mphamvu.

Ntchito yovuta kuposa yonse inali kukonza zomwe ndinaika m'mutu mwa Takondwa. Loweruka lina ndinakhala naye pakhonde la agogo ake, ndinamuuza kuti adadi ananena zolakwika, amama sali mu kompyuta, sanakhalemo n'kale lomwe, anamwalira. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Ndiye ali kuti?" Ndinafuna kuthawa ngati kale. Koma nthawi ino sindinathawe, ndinakhala pomwepo nditamugwira dzanja, ndikufunafuna mawu. Apongozi anga anali pakhomo akusenda mtedza. Anasiya lichero, anabwera kudzakhala mbali ina ya mwanayo, n'kuyamba kumufotokozera monga amakhulupirira iwo, ine n'kumavomereza. Takondwa analira, kenako anagona pamiyendo panga. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka.

Teminali ija sindiida. Ndi chida chabwino, ndipo lero ndimagwiritsa ntchito yomweyo pa laputopu yanga, pansi pa dzina langa. Inachita zomwe anaipangira, kukumbukira zomwe mwini wake ankalemba. Amene anaipanga sankadziwa kuti kwinakwake kuli mwamuna woferedwa amene adzaisandutsa manda oti azikhalamo. Apongozi anganso sindiwaimba mlandu. Anawerenga zomwe zinalembedwa, anafunsa mwa njira yokhayo yomwe mwambo unkawalola, ndipo ine ndinawayankha ndi mawu anayi opanda kanthu.

Anzanga amene mumagwira ntchito pa kompyuta muli kumudzi kapena pa maboma ang'onoang'ono, musadikire tsoka kuti mufotokoze ntchito yanu. Itanani apongozi, atsibweni, oyandikana nawo, aone zenera lakudalo masana zinthu zili bwino, alembemo okha dzina lawo aseke. Zomwe ine ndinachita m'chigafa ndikanazichita pabalaza panga chaka chimodzi m'mbuyomo, bwenzi tsiku lija apongozi anga atangopitiriza kusesa. Ndipo ngati m'banja mwanu wolankhula ndi anthu ndi mmodzi, winanu phunzirani, chifukwa simudziwa amene adzatsale.

Inu amene mwaferedwa, zida za masiku ano zimasunga munthu kuposa chithunzi. Zimasunga mawu ake, nthabwala zake, ngakhale kayendedwe ka zala zake, ndipo zimakuyankhani. Sindikunena kuti mufufute tsiku lomwelo. Koma mukaona kuti mwayamba kutseka chitseko, dziwani kuti chinthucho chayamba kukudyani. Uzani munthu mmodzi, ngakhale zikuchititseni manyazi chotani. Manyazi a tsiku limodzi kukhitchini akanandipweteka pang'ono kuposa kugona m'nyumba yopanda phokoso la mwana. Ndipo mwana musamuuze choonadi chatheka pofuna kuti aseke. Amachitenga chonse, n'kupita nacho kwa anthu.

A Kamphinda anati Takondwa akamadzayamba sukulu tidzakhalanso pansi. Sanalonjeze kanthu, ndipo ine sindinawakakamize. Loweruka lililonse ndimapita, chikwama ndimasiya kunyumba. Sabata yatha, ndikutsanzika, apongozi anga anandiuza kuti ndikamabweranso ndibwere ndi zovala zogwirira ntchito, malata a khitchini akudontha ndipo pakhomopo palibe mwamuna woti angakwere. Munthu amene anakusudzula sakutuma ntchito ya padenga ngati sakufuna kukuonanso. Ine sindinakhomepo lata chibadwire, koma misomali ndagula kale, ndipo achimwene anga akundiphunzitsa pa khola lawo la mbuzi.